Nambala 17 pa Mndandanda wa Malata

Lolemba, 14 Ogasiti 2023

Ine, Elson Namakhwa, wa zaka 54, wogwira ntchito yothyola tiyi, komanso mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu kufupi ndi Muloza, ndatsegula kope lino lero nditagonekedwa mu wodi ya abambo, bedi nambala 6. Zidziwike kuti kope lino si la komiti. Andigulira ndi mayi a kunyumba, a Ireen, ndipo cholinga chake ndi kusunga mwadongosolo zonse zokhudza matenda anga.

Chiyambi cha matenda: pa 22 Julaye ndinaponda chidutswa cha lata chimene chinakwiririka m'dothi kuyambira nthawi ya namondwe wa mwezi wa Malichi. Chinaboola patapata n'kundicheka pansi pa chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Ndinamangapo kansalu, ndipo sindinaonetse munthu kwa masabata atatu.

Zochitika lero:
1. Andiyeza magazi. Apeza shuga 341. Adokotala ati ndi wokwera kwambiri, n'chifukwa chake chilonda sichikupola. Ine sindinkadziwa kuti ndili ndi matenda a shuga.
2. Anditsuka chilonda ndi kumanga bandeji.
3. Andiika dilipi ya mankhwala opha tizilombo.

Adokotala anafunsa kuti, "Bambo, masabata atatu onsewa munali kuti?" Ndinayankha kuti ndinali wotanganidwa ndi ntchito za chitukuko. Yankho limeneli sanalilembe.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Shuga: 305. Kutentha kwa thupi: 38.4. Andiyambitsa jakisoni wa insulini, m'mawa ndi madzulo. Aletsa shuga, zakumwa zotsekemera ndi ufa woyera. Zaka 26 ndikuthyola tiyi, lero ndamumwa koyamba wopanda shuga. Sindinamuzindikire.

Dongosolo la mu wodi ndi ili: 5 koloko m'mawa kukolopa, 6 koloko mankhwala, 9 koloko adokotala, masana ndi madzulo alendo.

Oyandikana nawo ndi awiri. Bedi 5, a Ronald, a zaka 30, a kabaza a pa Muloza. Anagwa ndi matumba atatu a chimanga, mwendo unathyoka, ndipo aumangirira chitsulo cholendewera. Bedi 7, a Austin a ku Milonde, a zaka 72, vuto la chikhodzodzo. Iwowa amadzuka ndi moni wa "Moseliwa" kwa aliyense, ngakhale kwa adokotala amene Chilomwe sachimva.

A Ronald atandiona ndikulemba anati, "Madala, ndi kalembera wa ufa ameneyo? Mundilembe kawiri. Mwendo uwu ndi banja palokha."

Ndinawafotokozera kuti kalembera sayenda choncho. Ndinawauza kuti m'mwezi wa Meyi ndinalemba ndi dzanja langa mndandanda wa mabanja 43 a m'mudzi mwathu amene nyumba zawo zinagwa, ndipo bungwe lina lothandiza anthu lidzawagawira malata ndi simenti pa 1 Seputembala. Mlangizi wa bungwelo, mayi Jenifer, anakweza mndandandawo m'mwamba pamaso pa alembi a midzi isanu ndi umodzi, n'kunena kuti mulibe pofufuta ngakhale pamodzi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5. Mawu amenewo ndimawasunga.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Shuga: 288. Kutentha: 39.1. Phazi latupa kufika pa kakolo. Sindingathe kulemba zambiri.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Shuga: 262. Kutentha: 38.0. Asintha mankhwala a mu dilipi. Potsuka chilonda achotsa mnofu wakuda. Ndinagwira chitsulo cha bedi, sindinafuule.

Masana kunabwera a kabaza awiri kudzaona a Ronald. Ndikulemba zokamba zawo chifukwa zandikhudza. A Ronald amadandaula kuti aphonya ganyu wabwino wa pa 1 Seputembala. Akuti bambo wina walemba njinga zisanu kuti zidzanyamule malata ndi simenti kuchokera pamalo ogawira, kudzera njira ya m'minda, mpaka ku Milange, kumene akumangira nyumba mkazi wake watsopano.

"Akuti katunduyo ndi wake, dzina lake lili papepala," anatero mmodzi wa alendowo. "Denga la namondwe wa kuno likagona ku Mozambiki. Malata okhala ndi pasipoti!"

Anaseka onse. Ine ndinafunsa dzina la bamboyo.

"Pilato," anatero a Ronald. "Wamtali, wa mpata m'mano. Mukumudziwa, madala?"

Ndinayankha kuti ndimangomuona. Limeneli linali bodza. A Pilato ali pa nambala 17 ya mndandanda wanga.

Chakudya chamadzulo sindinadye. Anamwino a Agatha andikalipira, ati munthu wobaya insulini sadumphitsa chakudya.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Shuga: 240. Kutentha: 37.6.

Ndiyenera kufotokoza mwatsatanetsatane mmene nambala 17 inalembedwera.

Fomu ya bungwe inali ndi bokosi lolembamo mutu wa banja, amene ndiye wodzalandira katundu poonetsa chiphaso chake cha unzika. Pa maphunziro a tsiku limodzi ku Nkando, chitsanzo chimene anatilembera pa bolodi chinali dzina la bambo pamwamba, mayi pansi pake pamodzi ndi ana. Ine ndinatsatira chitsanzocho khomo ndi khomo.

Koma kwathu kuno sizikhala choncho, ndipo ine ndikudziwa bwino. Mwamuna amakakhala kwa mkazi. Malo ndi a mkazi, anawalandira kwa amayi ake, ndipo adzawasiyira ana ake aakazi. Ngakhale ine ndikukhala pa malo a a Ireen. Banja likatha, mwamuna amanyamula bulangete ndi njinga yake, nyumba imatsala ndi mayi ndi ana.

A Pilato anasiya mkazi wawo, mayi Rute, ndi ana atatu zaka ziwiri zapitazo. Nyumba inagwa iwo kulibe. Koma popeza ukwati sunathe pamaso pa ankhoswe, ndinaganiza kuti pa pepala la ofesi bambo akadali mutu. Nambala ya chiphaso chawo ndinaikopera pa mndandanda wakale wa feteleza. Mayi Rute anadinda chala pamene ndinawalozera. Kuwerenga sadziwa, ndipo sanafunse.

Ndawerenga m'mutu makomo amene bambo anachoka kalekale koma ine ndinawalemba. Alipo asanu ndi anayi.

Loweruka, 19 Ogasiti

Shuga: 231.

A Ireen abwera masana pamodzi ndi mayi Rute. Mayi Rute anakana mpando, anakhala pansi pambali pa bedi. Anayamba ndi kufunsa za phazi, mwaulemu wonse. Kenako anati:

"Alembi, bambo a Trust abwera dzana. Aima pakhomo pa tenti, akuti papepala pali dzina lawo, langa palibe. Ine ndawauza kuti akunama, chala ndinadinda ndine, alembi ali pomwepo. Ndiye ndabwera ndimve kwa eni ake."

Ndinayankha kuti nkhaniyi ikufunika kuifufuza bwino m'mabuku.

A Ireen anandiyang'ana nthawi yaitali. "Bambo a Favour, mabuku ake ati? Si munalemba ndinu?"

Mayi Rute sanakweze mawu. Anati, "Tenti ija yang'ambika pamwamba. Mvula ya chaka chino ikatipezamo, sindikudziwa kuti ana ndiwaika pati." Atatero anatulutsa kambale ka kalongonda m'nsalu n'kukaika pa kabati. "Ameneyu alibe shuga, mudye."

Atapita, a Austin anati, "Alamu, kalongonda amamuphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo, nkhuni mtolo wathunthu. Munthu wa mu tenti nkhunizo wazitenga kuti?"

Ndadya theka.

Lamlungu, 20 Ogasiti

Shuga: 225. Chala chada, ndipo sichikumva ngakhale achibaye.

Kunabwera a mpingo kudzapemphera ndi odwala. Atachoka, kunafika wapampando wa komiti yathu, a Kondwelani, atanyamula nanazi, amene anamwino andilola kachidutswa kamodzi kokha. Wotsalayo wathera pa bedi 5.

Mawu a wapampando anali awa: "A Namakhwa, nkhani ya Rute ndaimva. Musaigwedeze. Mndandanda autseka Lachisanu pa 25. Abungwe ananena poyera kuti mudzi umene mndandanda wake upezeke ndi vuto, auimitsa kaye. Mabanja 42 adikire chifukwa cha limodzi? Ndipo akaimitsa, mukudziwa ngati adzabwerenso? Anthu amenewa ali ndi midzi yambiri yowalirira."

Ndinafunsa kuti nanga mayi Rute.

"Tidzamufolerera ndi udzu, ife a komiti. Komanso muganize za inu. Anthu akamva kuti mlembi analakwitsa, cholembera chimenecho adzapatsa wina wa Fomu 4."

Sindinganene kuti a wapampando ndi munthu woipa. Tsiku la namondwe anabereka okalamba anayi kuwaolotsa madzi. Mfundo yawo ya mabanja 42 ndi yoona. Koma mfundo ya cholembera ndiyo yandilowa kwambiri, ndipo ndikuchita manyazi kulemba zimenezi.

Lolemba, 21 Ogasiti

Shuga: 210. Adokotala ati chala chafa, ndipo achidula mawa kuti phazi lipulumuke. Ati ndikanabwera sabata yoyamba akanangotsuka.

Andipatsa fomu yovomereza. Ndinaiwerenga yonse kawiri ndisanasayine, anamwino akudikira. Pamene sindinamve ndinafunsa, ndipo anandifotokozera. Posayina ndinakumbukira chala cha mayi Rute chili ndi inki.

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Adula. Chala chimodzi. Phazi latsala. Ululu ndi waukulu.

Lachitatu, 23 Ogasiti

Shuga: 176. Kutentha: 37.0.

M'mawa uno kwachitika chinthu chimene ndikufuna chisungidwe. Anamwino a Agatha, polemba pa pepala la kumiyendo kwa bedi langa, analemba 276 m'malo mwa 176. Atazindikira, sanafufute. Anadutsitsa mzere umodzi woongoka pa nambalayo, moti ikuwerengekabe, analemba yolondola pambali, kenako anasayina ndi kuika tsiku.

Ndinafunsa kuti, "Asisitala, bwanji osatenga pepala lina, kuti akuluakulu asaone?"

"Aone kumene," anatero. "Pano sitifufuta, bambo. Wobwera pambuyo panga ayenera kudziwa kuti panali cholakwa, anakonza ndani, ndiponso liti. Ndikasiya 276 kuti ndioneke wosalakwa, mnzanga akubayani mankhwala a 276, inu n'kukomoka."

"Sakuchotsani ntchito?"

"Amachotsa wobisa."

A Ronald anati, "Asisitala, inenso mundidutsitse mzere pa mwendowu, mulembe wina pambali."

"Inuyo mzere ukufunika pakamwa," anatero anamwino, akukankha kangolo ka mankhwala.

Zaka zisanu ndi chimodzi za ulembi wanga ndinkakhulupirira kuti pepala la ofesi ndi limene lilibe cholakwa. Ndikaphonya chilembo chimodzi ndinkang'amba tsamba lonse n'kuyambiranso. Palibe anandiuzapo za mzere umenewu.

Lachinayi, 24 Ogasiti

Shuga: 169. Ululu wachepa. Bandeji asintha, ati bala ndi loyera.

Ndalemba kalata, ndipo ndikuikopera muno monga ilili:

"Kwa Mlangizi, mayi Jenifer. Mutu: Cholakwa pa mndandanda wa malata. Ine, Elson Namakhwa, mlembi, ndikudziwitsa ofesi yanu kuti pa nambala 17, ndi pa manambala ena asanu ndi atatu amene ndawalemba kuseri, ndinalemba abambo amene sakhala pa makomowo. Eni malo, amenenso akulera ana, ndi amayi. Cholakwachi ndi changa ndekha. Komiti sinanditume, ndipo palibe anandipatsa kanthu. Ndikupempha kuti maina akonzedwe, ndi kuti mabanja ena asalangidwe chifukwa cha ine. Ndikupemphanso mwaulemu kuti ofesi idziwe kuti kuno malo amayenda ndi amayi, zimene fomu sinafunse."

Ndisanatumize ndinaimbira a wapampando pa foni ya a Ronald, chifukwa sibwino kuwadutsa kumbuyo. Ndinawawerengera yonse. Anati, "Mwatipha, a Namakhwa," n'kudula foni.

A Ronald anajambula kalatayo mbali zonse ziwiri. Chala chili pa foni anaima, nati, "Madala, mukudziwa kuti mukuwaphera ganyu anzanga asanu?"

Ndinati ndikudziwa, ndipo ndikupepesa.

"Ndimangofunsa. Ine amayi anga anatilera okha mu kanyumba kothonya, bambo ali ku Mocuba, ku Mozambiki, ndi wailesi yathu." Anatumiza. Nthawi inali 11:20 m'mawa.

Lachisanu, 25 Ogasiti

Shuga: 158. Lero ndi tsiku lotseka mndandanda. Foni ikuonetsa kuti kalata yawerengedwa. Yankho palibe.

Lamlungu, 27 Ogasiti

Shuga: 161. Yankho palibe. A Ireen ati m'mudzi mwamveka kale kuti mlembi waneneza mudzi wake. Ndawapempha kuti asamayankhe anthu. Ati ayankha kale atatu.

Lolemba, 28 Ogasiti

Shuga: 150. Achotsa dilipi, tsopano ndikumwa mapiritsi.

Nthawi ya alendo masana kunalowa mayi Jenifer atanyamula fayilo. Ndinayesa kudzuka, anandiletsa. Zimene ananena ndazigawa motere:

1. Ku ofesi kwawo kunali mkangano. Ena amafuna kuti mudzi wathu uimitsidwe mpaka chaka chamawa, malinga ndi lamulo lawo.
2. Iwo anapempha masiku awiri, n'kukaona mindandanda ya midzi ina isanu ija. Apeza vuto lomweli m'midzi yonse. "Kusiyana kwake n'kwakuti inu mwanena," anatero.
3. Chigamulo: palibe mudzi uimitsidwe, koma kugawa kwasunthidwa ndi sabata imodzi, kufika pa 8 Seputembala. Maina onse akawerengedwa mokweza pabwalo, amayi ali pomwepo.

Ndinafunsa ngati fomu isinthidwe. Anati, "Fomuyi inalembedwa kutali, bambo, ndi anthu amene ku Muloza sanafikeko, ndipo ikugwira ntchito m'mayiko angapo. Ine ndilibe mphamvu yoisintha. Koma kalata yanu ndaimata ku lipoti langa, ipita nawo." Kenako anati, "Chitsanzo cha pa bolodi chija ndinalemba ndine. Kwathu ku Rumphi mwini malo ndi bambo. Sindinafunse kuti kuno zimakhala bwanji."

Anafuna kukalembanso mndandanda watsopano pa makina. Ndinapempha kuti ayambe andilola kukonza wakalewo ndi dzanja langa. Anautulutsa. Ndinabwereka fayilo yawo ngati chotsamira, ndi m'mphepete mwa khadi langa la chipatala ngati rula. Pa nambala 17 ndinadutsitsa mzere umodzi, dzina la a Pilato likuwerengekabe, ndinalemba la mayi Rute pambali, ndinasayina ndi kuika tsiku. Ndinatero kasanu ndi kanayi. Pepala lija anakweza m'mwamba m'mwezi wa Meyi laipa maonekedwe.

Mayi Jenifer anatenga cholembera changa n'kusayina pansi pa dzina langa, malo onse asanu ndi anayi.

Lachitatu, 30 Ogasiti

Shuga: 149. Anamwino a Agatha andiphunzitsa kudzibaya insulini pa ntchafu. Popeza kwathu kulibe filiji, ati kabotolo ndizikaika m'kachitini, kachitiniko mu mtsuko wa mchenga wonyowa, pamthunzi. A Ireen amvetsera nawo, ndipo afunsa mafunso ambiri kuposa ine.

Uthenga wa kumudzi: ambiri akwiya ndi kuchedwaku. Komiti idzakhala pansi pa nkhani ya udindo wanga. Ndauza a Ireen kuti apereke buku la komiti ndi chidindo kwa a wapampando, kuti asavutike kuzipempha.

Lachinayi, 31 Ogasiti

Shuga: 152.

Masana kunabwera a Pilato. Sanakhale pansi. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili kumutu.

"Achimwene, mwandifufuta?"

Ndinati sindinawafufute, dzina lawo likuwerengekabe, koma ndadutsitsapo mzere chifukwa ndinalilemba molakwa.

"Molakwa? Njerwa za nyumba inagwa ija anaumba ndani? Ndine! Miyezi iwiri ndili m'dothi. Inu mkamwini mnzanga, mukudziwa mmene zimakhalira. Umamanga, umalima, tsiku lochoka umatuluka ndi bulangete ngati wobwera kumaliro."

Ndinati zimenezo ndi zoona, ndipo zimapweteka. Koma katunduyu akubwera kudzafolera ana amene anali m'nyumbamo usiku umene inagwa.

A Austin anadzutsa mutu, chubu chawo chili m'manja. "Mwana wanga, ine ndamanga nyumba zitatu pa malo a apongozi. Yoyamba ndinaisiya, sindinazule ngakhale msomali, chifukwa munali ana anga. Ukafuna kugona pansi pa malata amenewo, njira ukuidziwa. Pita kwa ankhoswe, ukagwade."

"Kapena mubwere ndi njinga zisanu zija," anatero a Ronald, "mudzanyamulire ana anu mpaka pakhomo. Tikuchotserani mtengo, bwana patarawu."

A Pilato anatukwana mawu amene sindingawalembe m'kope lino, n'kutuluka. Ndinapempha kuti andiyeze, poganiza kuti shuga wakwera. Anamwino ayeza, ati si shuga.

Lachisanu, 1 Seputembala

Shuga: 147. Lero ndi tsiku limene anthu akanalandira. Kwagwa kamvula ka chiperoni kuyambira m'mawa, phiri silikuoneka. Ndakhala ndikuyang'ana pawindo, ndikuganiza za matenti 43 amene ndawaonjezera sabata. Mtima suli bwino.

Lolemba, 4 Seputembala

Shuga: 138. Achotsa ulusi. Ndayenda ndi ndodo kuchokera pa bedi kufika pakhomo la wodi ndi kubwerera, kawiri. Phazi likupendekera kumanzere, koma ati lizolowera.

A Austin atuluka lero. Potsanzikana anati, "Alamu, mukadzafika ku Milonde mudzafunse pa akazi anga. Mukafunsa pa ine palibe adzakulozereni." Wodi yonse inaseka.

Loweruka, 9 Seputembala

Shuga: 131.

A Ireen abwera ndi lipoti la dzulo, ndipo ndikulilemba monga andiuzira:

1. Maina anawerengedwa mokweza pabwalo la sukulu. Amayi awiri a mudzi woyandikana nawo anaimirira kukana maina a amuna amene anachoka kalekale, ndipo anakonza pomwepo.
2. Mabanja onse 43 a m'mudzi mwathu alandira. Nambala 17 alandira ndi mayi Rute. A Pilato sanaoneke.
3. A kabaza asanu aja ganyu anamupeza ndithu. Anyamula katundu wa makomo ambiri mpaka dzuwa kulowa.
4. Komiti yagamula kuti ndikhalebe mlembi, koma pakhale wachiwiri, mayi Joice, ndipo mndandanda uliwonse uziwerengedwa poyera munthu asanadinde chala. Ganizo loti ndikhalebe lachokera kwa a wapampando. Moni sananditumizire.

Ndavomereza mfundo zonse zinayi. A Ronald ati mfundo yachitatu ndiyo yofunika kwambiri.

Lolemba, 11 Seputembala

Shuga: 126. Adokotala anditulutsa. Malangizo: insulini kawiri patsiku, nsapato yotseka nthawi zonse, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, kubweranso pa 25. Chilonda chilichonse, ngakhale chaching'ono, ndizionetsa tsiku lomwelo.

Ndikudikira mankhwala, kunafika mayi Rute pamodzi ndi a Ireen. Ulendo uno anavomera mpando. Ati malata awaimika m'tenti momwemo, iwo ndi ana akugona mowazungulira, ndipo achimwene awo ayamba kale kukumba maziko. Ndinawapepesa pamaso pa a Ireen ndi a Ronald, mosazungulira, kuti cholakwa chinali changa.

Anati, "Zapita zimenezo, alembi. Koma ndili ndi pempho. Pabwalo paja atatchula dzina langa ndinapita, anandionetsa papepala, ine n'kuvomera. Koma ngakhale akanalemba la mbuzi ndikanavomerabe. Mundilembere dzina langa, likhale lalikulu. Ndikufuna ndizilidziwa likakhalapo, ndizidziwanso likasowa."

Ndinatsegula tsamba lomaliza la kope lino n'kulemba zilembo zinayi, chilichonse chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Analiyang'ana nthawi yaitali, akutsatira ndi chala chomwe chija anadindira.

"Lalifupi chonchi?" anatero. "Ndiye munalephera bwanji kulilemba?"

A Ronald anaseka mpaka chitsulo cha kumwendo chinagwedezeka. Tagwirizana kuti Lachitatu lililonse madzulo azibwera kwathu kudzaphunzira zilembo ndi amayi ena amene angafune, mayi Joice alipo.

Zidziwike kwa aliyense wodzawerenga kuti tsamba lomaliza la kope lino likusowa. Silinabedwe, ndipo sindinaling'ambe pobisa cholakwa. Ndaling'amba ndine mwini, lero, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo lili ndi mwini dzina.

Ndatseka ndi kusayina,
Elson Namakhwa, Mlembi.